Kalata Yotseguka kwa Opanga Magalimoto ndi Oika Miyezo: Yezani Galimoto Yonse, Kuyambira ku Mgodi Mpaka ku Sikirapu

Olemekezeka akuluakulu a makampani opanga magalimoto, atsogoleri a mabungwe oika miyezo, komanso nduna za maboma zoona za mtengatenga ndi chilengedwe,

Landirani moni wanga waulemu nonse. Kalatayi ndayilemba poyera dala, kuti inu muwerenge komanso kuti amve nawo anthu amene amakwera magalimoto anu, amene amakumba miyala yopangira magalimotowo ndi amene amapuma fumbi ndi utsi wake. Sindikudana ndi galimoto ayi. Galimoto imathamangitsa wodwala kuchipatala, imanyamula katundu, imadyetsa mabanja a madalaivala ndi amakaniko osawerengeka, ndipo ntchito imene mainjiniya anu amagwira ndi yofunika kuipatsa ulemu. Chimene chandilembetsa ndi chimodzi basi: mmene mukuyezera kuonongeka kwa chilengedwe kobwera ndi magalimoto sikukukwanira, mukuyeza pamene pali poyera n'kusiya pamene pali matope, ndipo anthu amene akusenza matopewo sakuoneka mmalipoti anu.

Tiyambe ndi kukula kwa nkhaniyi. Bungwe la OICA, lomwe limasonkhanitsa manambala a opanga magalimoto, linawerenga magalimoto opitirira 93 miliyoni opangidwa padziko lonse mu 2023 mokha, ndipo pafupifupi 30 miliyoni mwa amenewa anapangidwa ku China. Chaka chimodzi chokha chimenecho. Nde kalakwitsidwe kakang'ono pa kayezedwe ka galimoto imodzi, mukakachulukitsa ka 93 miliyoni, sikakhalanso kakang'ono.

Dandaulo langa loyamba ndi malire amene mwadziikira. Kwa zaka zambiri malamulo akhala akuyang'ana pa ekizozi, kuti galimoto ikamayenda ikutulutsa magalamu angati a mpweya wa kaboni pa kilomita imodzi. Makampani nawo akamalemba malipoti a chaka amakonda kuonetsa za mkati mwa mpanda wa fakitale yawo: tachepetsa magetsi, taika ma solar padenga, madzi tikuwagwiritsanso ntchito. Zabwino zimenezo, sindikukana. Koma fakitale yanu ija kwenikweni ndi malo olumikizira, kuwotcherera ndi kupenta. Chitsulo chimafika chosungunulidwa kale, aluminiyamu amafika wokonzedwa kale, magalasi, mapulasitiki, mawaya a kopa, matayala, zonse zimalowa pageti zitaotcha kale malasha kwina. Galimoto wamba imakhala ndi chitsulo cha makilogalamu pafupifupi 900, ndipo tani imodzi ya chitsulo imatulutsa pafupifupi matani awiri a kaboni pa avareji ya dziko lonse, moti makampani a zitsulo okha amatulutsa pakati pa 7 ndi 9 peresenti ya kaboni yense amene anthu timatulutsa. Aluminiyamu watsopano nde ndi woposa pamenepo, amadya magetsi koopsa, tani imodzi imatha kutulutsa matani opitirira khumi a kaboni ngati magetsiwo akuchokera ku malasha, pamene wosungunulanso kuchokera ku zakale amangofuna pafupifupi 5 peresenti ya mphamvu imeneyo. Kusiyana kwakukulu chonchi, koma wogula galimoto sauzidwa kuti aluminiyamu wa mgalimoto yake ndi uti.

Mukudziwa bwino kuposa ine kuti njira yowerengera ilipo kale. Greenhouse Gas Protocol inagawa utsi mmagulu atatu: Scope 1 wotuluka pamalo panu, Scope 2 wa magetsi amene mwagula, ndi Scope 3 wa china chilichonse, kuyambira kwa okugulitsani zipangizo mpaka kwa dalaivala amene akuyendetsa galimotoyo. Kwa wopanga magalimoto, gulu lachitatuli ndi lomwe lili ndi pafupifupi katundu yense. Koma ndi lomwenso limadzadzidwa ndi manambala ongoyerekeza. Mmalo mofunsa fakitale yeniyeni imene yasungunula chitsulocho, ambiri amangotenga avareji ya mmabuku n'kuchulukitsa ndi kulemera. Zotsatira zake, kampani imene yavutikira kugula chitsulo choyera ndi imene yagula chotchipa chakuda zimaoneka zofanana papepala. Nanga wina adzavutikiranji kusintha?

Miyezo ya ISO 14040 ndi 14044 yowunikira moyo wonse wa chinthu nayonso ilipo, koma imasiya ufulu waukulu kwa wowerengayo. Wina amati galimoto yake idzayenda makilomita 150,000 pa moyo wake, wina 200,000, wina kuposa apo, ndipo ukatalikitsa mtunda, utsi wa pakupanga umaoneka wochepa pa kilomita iliyonse. Wina amawerengera magetsi a lero, wina magetsi oyera amene akuyembekeza kuti adzakhalapo mtsogolo. Wina amadzichotsera utsi ponena kuti zitsulo zake zidzasungunulidwanso pamapeto, chinthu chimene sichinachitike n'komwe. Malipoti awiri a makampani awiri sungawaike pamodzi n'kunena kuti iyi ndi yabwino kuposa iyo. Zili ngati msika umene wogulitsa aliyense wabwera ndi sikelo yakeyake ndipo kilo yake amaidziwa yekha.

Chachiwiri ndi nkhani ya magalimoto amagetsi, ndipo apa ndilankhule mosamala chifukwa sindikufuna kuti wina atenge mawu anga n'kukateteza nawo petulo ndi dizilo. Kafukufuku wambiri wowunika moyo wonse wa galimoto amaonetsa kuti yamagetsi imatulutsa kaboni wochepa kuposa ya petulo, makamaka komwe magetsi sachokera ku malasha, ndipo mumzinda simutuluka utsi wa mu ekizozi umene umadwalitsa mapapo. Ndikugwirizana nako kusinthaku. Koma mawu oti galimoto yosatulutsa utsi konse si oona, ndipo amene anatsimikiza zimenezi ndi anzanu omwe. Mu 2021 a Volvo anatulutsa lipoti la galimoto yawo yamagetsi ya C40, ndipo ananena poyera kuti kuipanga kumatulutsa kaboni wochuluka ndi pafupifupi 70 peresenti kuposa kupanga XC40 ya petulo. Anaonetsanso kuti kuti ibweze ngongole imeneyi iyenera kuyenda makilomita pafupifupi 49,000 ngati ikutchajidwa ndi magetsi a mphepo, 77,000 ndi magetsi a ku Europe, ndi 110,000 ndi avareji ya magetsi a dziko lonse. Ine lipoti ngati limeneli ndimaliyamikira, chifukwa likunena zoona ngakhale zowawa, ndipo pamapeto pake yamagetsi ikupambanabe. Funso langa nlakuti bwanji zoterezi zikudalira kufuna kwa kampani? Bwanji si lamulo kwa aliyense, pa mtundu uliwonse wa galimoto?

Ndipo batire lija lili ndi kwawo. Mmabatire amenewa mumalowa zitsulo monga cobalt, nickel ndi lithium. Pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa padziko amachokera ku DR Congo, cha ku Kolwezi ndi madera ozungulira, ndipo mu 2016 a Amnesty International anaonetsa ana ndi akulu akukumba ndi manja mmaenje opanda chotchinjiriza, akutsuka miyala mmitsinje, opanda ngakhale chophimba pamphuno. Nickel wopitirira theka la wa padziko lonse tsopano akuchokera ku Indonesia, ku zilumba za Sulawesi ndi Halmahera, kumene nkhalango zikugwetsedwa kuti afike pa dothi lofiira lomwe lili ndi nickel, ndipo mafakitale osungunulira ngati a ku Morowali ndi Weda Bay amayendera magetsi a malasha amene anamangidwira iwo okha. Taganizani, malasha atsopano akuyatsidwa kuti apange zipangizo za galimoto yoyera. Lithium wambiri amachokera ku Salar de Atacama ku Chile, limodzi mwa malo ouma kwambiri padziko, komwe madzi amchere amapopedwa pansi n'kusiyidwa mmadamu akuluakulu kuti aume ndi dzuwa kwa miyezi yambiri, ndipo anthu a mtundu wa Atacameño akhala akudandaula za madzi awo kwa zaka. Mabatire awiri ofanana kukula akhoza kusiyana kwambiri utsi wake kutengera kumene nickel anachokera ndi magetsi amene fakitale inagwiritsa ntchito. Inu mumadziwa kapena mungathe kudziwa. Wogula sadziwa.

Chachitatu, ndipo ichi chimandiwawa kwambiri, mwasandutsa chilengedwe chonse kukhala nambala imodzi ya kaboni. Kaboni ndi wofunika zedi, nyengo ikusintha ndipo tonse tikuona. Koma mtsinje ukafa sulowa mu nambala imeneyo. Aluminiyamu amachokera ku bauxite, ndipo dziko la Guinea ndi limodzi mwa okumba kwambiri. Mu 2018 a Human Rights Watch analemba za dera la Boké: minda ya makolo itatengedwa, zitsime ndi timitsinje titaonongeka, malole akudutsa usana ndi usiku n'kumwaza fumbi lofiira lomwe limakhala pamasamba a mitengo, pa zovala zoyanika, pa chakudya, mpaka mmphuno mwa ana. Mayi amene kale ankatunga madzi pafupi tsopano akuyenda mtunda wautali, ndipo mtunda umenewo sulembedwa pa lipoti la galimoto iliyonse yokhala ndi malimu owala a aluminiyamu. Ku Brazil, damu la zinyalala za mgodi wa miyala ya chitsulo linaphulika ku Mariana mu 2015, anthu 19 anafa ndipo matope anatsika mtsinje wa Doce mpaka kunyanja. Mu January 2019 linanso linaphulika ku Brumadinho n'kupha anthu 270, ambiri mwa iwo ogwira ntchito amene anali pa nkhomaliro. Sindikunena kuti makampani a magalimoto ndi amene anamanga madamu amenewo. Ndikunena kuti miyala ya chitsulo imathera mu zinthu ngati zanu, ndipo kayezedwe kamene kamati chitsulo ndi matani akutiakuti a kaboni basi, kopanda mzere wa chiopsezo cha madamu ngati amenewa, n'kosakwanira.

Matayala nawo ali ndi nkhani yawo. Gawo lalikulu la labala wachilengedwe wa padziko limathera mmatayala, ndipo minda ya labala yalowa mmalo mwa nkhalango zambiri ku Southeast Asia. Tayala likamayenda limaperesuka, tinyenyeswa take timakokoloka ndi mvula kulowa mmitsinje. Mu 2020 asayansi a ku University of Washington anapeza kuti mankhwala otetezera matayala otchedwa 6PPD akakumana ndi mpweya amasanduka poizoni amene wakhala akupha nsomba za coho salmon mmitsinje ya mmizinda. Mankhwala amenewa akhala mmatayala kwa zaka makumi ambiri, palibe amene ankawayeza. Lamulo la Euro 7 ndi lomwe layamba kuika malire pa fumbi la mabuleki ndi matayala, mochedwa chonchi, ndipo ndi ku Europe kokha.

Chachinayi ndi chikhulupiriro. Pepani mabwana, koma pempho loti tikukhulupirireni pa manambala amene mwadziyezera nokha ndi lovuta kulilandira, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Mu September 2015 bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA la ku United States linaulula kuti magalimoto a dizilo a Volkswagen anali ndi pulogalamu ya kompyuta yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso. Inkaona kuti mawilo akuzungulira koma chiwongolero sichikugwedezeka, liwiro likutsata ndondomeko yodziwika ya mu labu, nde inkayatsa zonse zoyeretsera utsi. Ikatuluka pamsewu, zoyeretsera zija zinkachepetsedwa mphamvu ndipo mpweya wa NOx, womwe umaononga mapapo, unkafika mpaka ka 40 kuposa malire ovomerezeka. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamuyi. Ndipo taonani mmene zinadziwikira: si oyang'anira a boma ndi malabu awo okwera mtengo amene anayamba kuona, koma kagulu kochepa ka ofufuza a ku West Virginia University, atatumidwa ndi bungwe la ICCT, lofufuza za utsi wa magalimoto, anaika makina oyezera mbuti ya galimoto, kulumikiza paipi ku ekizozi, n'kuyendetsa pamsewu weniweni. Basi. Kuyeza pamene pakuchitikira zinthu.

Wina anena kuti imeneyo ndi nkhani yakale, zinakonzedwa. Zoona, mayeso akale a NEDC analowedwa mmalo ndi WLTP kuyambira 2017, ndipo ndi abwinoko. Koma mu 2024 a European Commission anatulutsa manambala ochokera ku timakina towerenga mafuta tomwe tili mmagalimoto enieni olembetsedwa mu 2021, ndipo anapeza kuti a petulo ndi dizilo akumwa mafuta ndi kutulutsa kaboni wochuluka ndi pafupifupi 20 peresenti kuposa zolembedwa papepala. Ma plug-in hybrid, aja amakhala ndi injini komanso batire lotchaja, anali kutulutsa ka 3.5 kuposa nambala ya mu labu, chifukwa anthu sawatchaja pafupipafupi mmene mayeso ankaganizira. Ngati pa ekizozi, chinthu chimene chili poonekera ndipo chayezedwa kwa zaka makumi, pakadali mpata waukulu chonchi, nanga ku mgodi ndi ku ng'anjo kumene woyang'anira safikako, mpatawo ndi waukulu bwanji?

Palinso chizolowezi chonena kuti fakitale yakuti kapena galimoto yakuti ilibe kaboni chifukwa kampani yagula ziphaso za magetsi oyera kapena yalipira ntchito yodzala mitengo kwinakwake. Kudzala mitengo n'kwabwino, koma utsi umene watuluka pa chumuni watuluka ndithu, ndipo mtengo ukhoza kupsa kapena kudulidwa chaka chamawa. Zinthu ziwirizi zizilembedwa padera, osachotsera china ku chinzake n'kutionetsa ziro.

Chachisanu ndidutsepo mwachangu. Malipoti anu amakonda kunena kuti utsi pa galimoto imodzi watsika, koma magalimotowo akuchuluka komanso akukula. A International Energy Agency anati mu 2023 ma SUV, aja magalimoto akuluakulu okwera mmwamba, anali pafupifupi theka la magalimoto atsopano onse ogulitsidwa padziko, ndipo utsi wa ma SUV onse pamodzi unapitirira matani biliyoni imodzi. Galimoto yaikulu ndi chitsulo chambiri, batire lalikulu, miyala yambiri yokumbidwa, matayala operesuka msanga. Zimene injini zabwino zapulumutsa, kulemera kukudyanso.

Chachisanu ndi chimodzi ndi mapeto a galimoto, ndipo apa ndi pamene malipoti ambiri amangotsekera buku ngati galimoto imasowa yokha ikakalamba. Mu 2020 bungwe la UNEP, la United Nations loona za chilengedwe, linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito okwana 14 miliyoni anatumizidwa kunja kuchokera ku Europe, United States ndi Japan, ndipo pafupifupi 80 peresenti anapita ku maiko osauka ndi apakatikati, oposa theka la amenewa ku Africa. Galimoto yakale yabwino si mlandu, imathandiza anthu amene sangakwanitse yatsopano ndipo kuigwiritsa ntchito nthawi yaitali kumapewetsa kupanga ina. Vuto nlakuti lipoti lomwelo linapeza ambiri ali okalamba kwambiri, ena atachotsedwa kale zoyeretsera utsi chifukwa muli zitsulo zamtengo wapatali. Lamulo la ku Europe limafuna kuti 95 peresenti ya kulemera kwa galimoto yotha ntchito ipulumutsidwe, koma a European Commission eni ake amavomereza kuti magalimoto mamiliyoni angapo chaka chilichonse amangosowa mmabuku, osadziwika kumene apita. Nde wowerenga moyo wa galimoto akalemba kuti pamapeto idzaphwasulidwa mwaukhondo, akunena za galimoto iti? Yambiri imakathera kumene kulibe fakitale yophwasulira, oilo amathiridwa pansi, gasi wa air conditioner amangouluka, matayala amaotchedwa.

Ndipo pali batire la mtovu, lija lili mgalimoto pafupifupi iliyonse, ngakhale zamagetsi zambiri zili nalo. Mtovu wambiri wa padziko umathera mmabatire amenewa. Kumene kulibe ndondomeko, munthu amaliswa ndi chikwanje kapena nkhwangwa, asidi amamukhuthulira pansi, timapale ta mtovu amatisungunula pamoto wapoyera pafupi ndi nyumba, ana akusewera pomwepo n'kumaika zala zafumbi mkamwa. Ku Thiaroye-sur-Mer, mdera la Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha mtovu wochokera ku ntchito yotereyi. Ku Owino Uhuru mumzinda wa Mombasa ku Kenya anthu anadwala ndi fakitale yosungunula mabatire ndipo anatenga zaka akumenyera chilungamo mmakhoti. Mu 2020 a UNICEF ndi Pure Earth anati mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wochuluka mmagazi, ndipo kuphwanya mabatire mosasamala ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ndipo sizibwereranso. Ndiuzeni, pa lipoti la moyo wa galimoto, mzere wa ana amenewa uli pati?

Sindinganene kuti palibe chimene chikuchitika. Lamulo la mabatire la European Union la 2023 likufuna kuti mabatire a magalimoto azilengezedwa kaboni wake ndipo kuyambira February 2027 azikhala ndi pasipoti ya digito yoonetsa mbiri yake. Dziko la France kuyambira kumapeto kwa 2023 linayamba kupereka thandizo la ndalama kwa ogula magalimoto amagetsi potengera utsi wa pakupanga ndi kunyamula galimotoyo. Ku Geneva, gulu la WP.29 la United Nations, lomwe limagwirizanitsa malamulo a magalimoto, lakhala likukonza njira imodzi yowerengera moyo wonse wa galimoto. Ndi masitepe abwino amenewa. Koma akuyenda pang'onopang'ono, ambiri ndi a chigawo chimodzi cha dziko, ambiri akuyang'anabe kaboni yekha, ndipo patebulo pamene akukambirana pamadzadza maiko opanga ndi ogula magalimoto atsopano, pamene maiko a migodi ndi olandira magalimoto akale mawu awo samveka kwenikweni.

Choncho mwaulemu ndikupempha izi:

1. Gwirizanani njira imodzi yoyezera ya dziko lonse, kuyambira ku mgodi mpaka ku sikirapu, yokhala ndi mtunda umodzi wa moyo wa galimoto pa gulu lililonse ndi malamulo amodzi owerengera magetsi ndi kusungunulanso zitsulo, ndipo ikhale yokakamiza, osati ya wofuna.

2. Mtundu uliwonse wa galimoto yatsopano uzikhala ndi chikalata chooneka pogulitsira ndi pa intaneti, chosonyeza padera utsi wa pakupanga, utsi wa poyenda ndi wa pamapeto, mmawu oti munthu wamba amve. Mafayilo a mawerengedwe ake akhale otseguka kuti ofufuza a mmayunivesite ndi atolankhani athe kubwereza masamuwo okha.

3. Pa chitsulo, aluminiyamu ndi batire, zomwe ndi zimene zimasenza utsi wambiri wa pakupanga, gwiritsani ntchito manambala enieni a fakitale imene mwagulako. Kumene wokugulitsani wakana kupereka manambala, lamulo liziika nambala yoipitsitsa, kuti kubisa kusamapindulitse.

4. Onjezani mizere ina pambali pa kaboni: madzi otengedwa kumalo ouma, mahekitala a nkhalango ndi minda, zinyalala za mmigodi ndi chitetezo cha madamu ake, fumbi, mankhwala a mmatayala, mtovu. Ndipo tchulani maina a migodi ndi ng'anjo zimene mumagulako. Anthu okhala pafupi ndi migodi imeneyo alandire zotsatira za kuyezedwa kwa madzi ndi mpweya wawo mchilankhulo chawo, ndipo akhale ndi kokadandaula komwe kumayankha.

5. Oyeza akhale oima paokha, osasankhidwa kapena kulipidwa mwachindunji ndi kampani imene akuiyeza, azifika mosalengeza, ndipo magalimoto aziyezedwa pamsewu weniweni kwa zaka, osati tsiku limodzi mu labu. Wopezeka atanama alipire chindapusa chimene chingamupweteke ndithu.

6. Siyani mawu oti galimoto kapena fakitale ilibe utsi ngati ziro ameneyo wabwera pogula ziphaso. Lembani utsi wonse wa kampani pa chaka, osati wa pa galimoto imodzi wokha.

7. Udindo wanu uzitsatira galimoto kulikonse kumene yapita. Maiko otumiza asalole kutuluka galimoto imene kwawo siingapase mayeso a pamsewu, ndipo opanga athandize ndi ndalama kukhazikitsa malo otolera ndi kuphwasula mabatire, oilo ndi matayala mmaiko amene magalimotowo amakafera. Izi zichitike pano, mabatire akuluakulu a lithium asanayambe kufika ochuluka kumalo kumene ngakhale batire la mtovu likuvutabe.

8. Maiko a migodi, maiko olandira magalimoto akale, mabungwe a ogwira ntchito ndi oimira anthu a mmadera okhudzidwa akhale ndi mipando yeniyeni pamene miyezoyi ikulembedwa.

Ndikudziwa kuti muyankha kuti galimoto ili ndi tizipangizo masauzande ambiri tochokera kwa ogulitsa osanjikizana magulumagulu, nde kutsata chilichonse n'kovuta komanso kodula. Zoona n'kovuta. Koma kukakhala vuto pa buleki kapena pa airbag mumatha kutsata mpaka kudziwa fakitale, tsiku ndi gulu limene kachipangizoko kanapangidwira, n'kuitanitsa magalimoto mamiliyoni kuti akonzedwe. Mtengo wa bawuti iliyonse mumaudziwa. Luso lotsata zinthu muli nalo kale, ndipo pempho langa nlakuti muligwiritsenso ntchito pa utsi, madzi ndi mtovu. Simukuyeneranso kuyamba ndi zonse nthawi imodzi, chitsulo, aluminiyamu ndi batire zokha zikhoza kutseka mpata waukulu.

Kwa inu owerenga amene mwamva nawo kalatayi, itumizeni kwa ena, makamaka kwa aphungu, atolankhani, ogulitsa magalimoto ndi a mabungwe oona za miyezo mdziko lanu, ndipo mukamagula galimoto funsani za batire lake ndi kumene lidzapite likatha. Kwa inu mabwana, ndikupempha yankho la poyera pa mfundo zisanu ndi zitatuzi, iliyonse payokha, ndi chaka chimene mudzayambe kuichita.

Ndine wanu mwaulemu,
Mmodzi mwa okwera magalimoto anu